Mphindi Ziwiri za Dee Ihejirika

Mumzere wathu wonse pamsika wa ku Aba, ku Nigeria, munthu sankaloledwa ngakhale kutsokomola Loweruka nthawi ikamayandikira folo koloko masana. Lamuloli silinali la boma ayi. Analiika ndi Dee Ihejirika, wokonza mawotchi uja, bambo wamfupi wa kagalasi kapadiso, amene anatha zaka makumi awiri ndi ziwiri akudikira kumva mathero a nyimbo imodzi pa wailesi.

Ine ndine Ulumma, telala. Shopu yanga ndi yawo zinkalekana ndi thabwa limodzi lokha, ndiye musanditsutse.

Chiyambi chake ndi ichi. Mng'ono wawo Obioma ankaimba ng'oma m'gulu la Anyamata a Msewu wa Ngwa, aja a tsitsi lanyankhalala ndi magitala olira ngati mphaka wopondedwa mchira. Dee anamuthamangitsa pakhomo, amvekere ng'oma si ntchito. Mnyamatayo anapita ku Lagos ndi anzake, n'kujambula chimbale chimodzi chokha. Kenako kunabwera kalata yake yopita kwa mkulu wakeyo, amene iye ankawatchula kuti Dede: "Dede, mumvere nyimbo yomaliza mpaka kumapeto. Ndalankhulamo nanu." Sipanathe mwezi, Obioma anafa pangozi ya basi. Gulu linabalalika, zimbale zochepa zomwe anadinda zinasowa, ndipo chomwe tinkachidziwa tonse chinali chimodzi, cha ku nyumba ya wailesi.

Nyimbo za m'chimbalecho tinazimva mpaka kuziloweza, ngakhale ife osazikonda. Koma yomalizayo inali ya mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo muulutsi wa pulogalamuyo, Ekeoma, ankaiika kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti nkhani za folo koloko ziyambe. Magitala akangofika pokoma, ng'oma za Obioma zitayamba kuthamanga, mumangomva pii, pii, pii, kenako nduna yakuti yatsegulira mlatho wakuti.

"Mphindi ziwiri," ankatero Dee akuyang'ana mawotchi onse a pakhoma, ngati kuti ina iwaikira kumbuyo. "Zatsala mphindi ziwiri basi."

Loweruka lotsatira ankayambiranso.

"Ulumma, imitsa makinawo."

"Dee, diresi iyi ndi ya ukwati wa mawa."

"Mkwatibwi adikire. Akalowa m'banja adzadikira zambiri, ayambe kuzolowera."

Ndinkapsa mtima, sindinama. Tsiku lina ndinawauza kuti wailesiyo ndiiponya mu ngalande. Anandiyang'ana ndi kagalasi kaja, n'kunena kuti wotchi yanga yatsalira ndi mphindi zinayi, ndibwere nayo Lolemba. Mukangana naye bwanji munthu wotere?

Makalata opempha nyimbo analemba osawerengeka. Atatopa anavala jekete n'kupita okha kukaonana ndi Ekeoma. Anabwerako nkhope itagwa.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Akuti nyimbo yaitali ndiyo nthawi yake yodyera. Akaiika amatuluka kukagula akara, zitumbuwa zija za nyemba, pageti."

"Nanga osaiika koyambirira bwanji?"

"Akuti koyambirira amakhala alibe njala."

"Bwanji osakuikirani nokha m'chipindamo?"

"Akuti chimbale ndi katundu wa boma. Kuti ndichimve ndekha pafunika kalata ya bwana, ndipo bwanayo ali ku maliro."

Bwanayo anakhala ku maliro zaka zinayi.

Ndiye panabwera nzeru ija imene anthu amaikambabe. Dee anamva kuti wotchi yaikulu ya ku wailesi ikuvuta, n'kudzipereka kukaikonza ulere. Anaikonza bwinobwino, koma potseka anaibweza m'mbuyo mphindi zitatu kuti nkhani zichedwe kuyamba, poti Ekeoma ankaika nyimbo poyendera wotchi yake yapamkono. Anabwera akuyenda monyang'wa, natiuza tonse kuti Loweruka tisapite kutali. Tinasonkhana, ngakhale ogulitsa nsomba zouma a mzere wachitatu. Nyimbo inayamba. Inafika pamalo paja. Pii, pii, pii.

Anaiwala kuti nkhani zimachokera ku Lagos, ndipo ku Lagos ali ndi wotchi yawoyawo. Chomwe anapindula ndi chakuti mlonda wa pageti anapatsidwa dzina lawo ndi chithunzi chomwe, kuti asadzawalolenso kulowa.

Chaka china munthu anawanong'oneza kuti ku Onitsha kuli kaseti ya chimbalecho. Anatseka shopu, ulendo wa tsiku lathunthu, n'kubwera nayo atakulunga m'mpango ngati dzira. Akazi awo, Da Nwanyieze, anabweretsa mtedza wa kola wotafuna pachisangalalo, tinabwereka choimbira makaseti kwa wometa tsitsi. Dee anakhala patsogolo manja ali pamaondo. Ng'oma zinayamba kuthamanga, tonse tinasendera pafupi.

Pii, pii, pii. Nduna yatsegulira chipatala.

Wojambula kasetiyo anaijambula pa wailesi yomweyo. Ine ndinaseka mpaka misozi, Mulungu andikhululukire. Da Nwanyieze anati, "Bambo, ndiye mwapita mpaka ku Onitsha kukagula nkhani za chaka chatha?" Dee nawo anaseka pang'ono, n'kuchotsa kasetiyo.

Mwayi weniweni unabwera kamodzi. Ekeoma anadwala m'mimba, mwina akara yemwe uja, ndipo wogwirizira anaiika nyimboyo hafu pasiti fili. Dee anadumpha n'kugwetsa thireyi ya tizitsulo. Mphindi yachisanu ndi chimodzi, mvula inayamba. Amene anakhalapo pansi pa malata a msika wathu mvula ya Julaye ikugwa akudziwa kuti ngakhale mwana wako akulira pamsana sumumva. Dee analowa pansi pa tebulo, wailesi ili pakhutu, atadzifunditsa nsalu ya kasitomala wanga. Atatuluka tinawazungulira.

"Mwamva?"

"Ndamva kuti alipo akulankhula," anatero. "Mawu ake ndi omwe aja. Koma zomwe wanena sindinamve."

Tsiku limenelo palibe anaseka. Kuyambira pamenepo makina anga ndinkaimitsa ndekha, osadikira kuuzidwa.

Madzulo ena tikutseka ndinawafunsa chomwe ankaganiza kuti chili m'mphindi ziwirizo. Anapukuta kagalasi kawo nthawi yaitali.

"Mwina ananditukwana," anatero. "Ngati anatero, sanalakwitse. Ndinamutayira ng'oma yake panja, mvula ikugwa. Ndingofuna ndidziwe ngati anapita ali wokwiya."

Ine amene pakamwa panga sipauma mawu, ndinangoti tiwonana mawa.

Zaka zinapita, Ekeoma anapuma pantchito, pulogalamu inasanduka ya nyimbo zamakedzana ndipo chimbalecho ankachiika mwa apo ndi apo. Maso a Dee anayamba kuchita khungu, kenako miyendo inatupa, shopu n'kumatsegula Da Nwanyieze kuti azingopukuta fumbi. Apa ndi pomwe ife amayi a mumzere tinamanga nsalu m'chiuno, anthu khumi ndi mmodzi, kupita ku wailesi. Tinakhala pansi pageti kuyambira m'mawa. Muulutsi watsopano, mtsikana waulemu dzina lake Adaugo, anatuluka n'kutimvetsera mpaka kumapeto.

"Amayi, bwanji simunabwere kale?" anatero. "Loweruka lino ndiyamba ndi imeneyo. Palibe adzaidule."

Linali Lachiwiri. Ndinathamanga kukawauza. Anamwetulira ali gone, n'kuuza akazi awo kuti agule mabatire atsopano, ndipo asawayese, angathe mphamvu.

Dee anatisiya Lachinayi m'mawa.

Tinakhala manja lende. Kukauza Adaugo kuti asiye, palibe anaganizako. Loweruka Da Nwanyieze anabwera kushopu atavala zakuda, anaika mabatire aja, n'kukhazika wailesi patebulo la amuna awo. Mzere wonse unaima. Nyimbo inayamba fili koloko yeniyeni, ndipo pamalo paja pomwe inkadukira inangopitirira. Zinali zachilendo. Magitala anayamba kutsika, ng'oma zinatsala zokha.

Da Nwanyieze anatambasula dzanja n'kuthimitsa.

"Mawuwo si athu," anatero.

Koma msika ndi msika. Wometa tsitsi anali atatsegula yake, ogulitsa nsapato yawo, mzere wachitatu yawo. Tikanathimitsa zingati? Ng'oma zinaleka, ndipo kuchokera mbali zonse kunamveka mawu a mnyamata wopuma mwawefuwefu, akuseka.

"Dede Ihejirika, mwamva mmene ndamenyera? Musakwiyenso. Ndikubwera pa Khirisimasi, mundisungire malo pamphasa."

Basi. Zinali zomwezo.

Da Nwanyieze anakhala pansi pomwepo, padothi. Ine ndinalowa m'shopu mwanga n'kulira ngati mwana, ndipo ndinakwiya kwambiri, koma wokwiyira ndinalibe. Ekeoma ndi akara wake? Mvula? Ife amene tinadikira zaka zonsezo tisanapite kukakhala pageti paja?

Pano pamalo pawo pali wogulitsa maloko. Ndi munthu wabwino, salamula aliyense, ndipo Loweruka mzere wathu umasokosa kuyambira m'mawa mpaka kutseka. Tikakumana ife akale sitiikamba nyimbo ija. Msika wonse ukudziwa kuti Obioma sanapite ali wokwiya, ndi ana omwe amene sanamuonepo akudziwa. Uthenga wa mwini wake tili nawo ife, ndipo kokaupereka kulibe.