Kutembenuza Apongozi Osawayang'ana

Pepani ndi kalembedwe kanga. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, dzanja linazolowera khasu, ndiye zilembo zimakhota ngati mizere yolima woledzera. Komabe ndilemba, poti zikachuluka m'mutu tulo sitibwera.

Lolemba

Apongozi anga aakazi, aNaphiri, atuluka m'chipatala ku boma. Sitiroko. Mbali yakumanzere siikugwira, sangadzitembenuze okha.

Potitulutsa, anesi ayang'ana mkazi wanga, mayi a Chisomo. Ndi woyembekezera, mwezi wake ndi wamawa. Ayang'ana mlamu wanga Esinati, wowonda ngati bango. Kenako aloza ine: "Bambo, amphamvu ndi inu, mvetserani bwino." Ine! Wodi yonse ikumva!

Zimene anena:
kuwatembenuza pafupipafupi, asagonere mbali imodzi, kuopa chilonda. Chikatseguka sichipola msanga, ena chimawatenga.
Zogonera zouma, zopanda makwinya.
Azidya atakhala tsonga, angatsamwe.
Kusamba m'manja ndi sopo.

Vuto ndi lakuti ndine mkamwini. Chibwerere changa pamudzi pano, ndikawaona apongozi panjira ndimalowa m'chimanga. Nkhope yawo ndimaidziwira patali ngati phiri la Ntchisi. Ndiye kuwagwira? Ayi ndithu.

Nzeru yanga nayi: ine ndiziima panja pazenera, nditafulatira, n'kumalamula. Esinati azigwira. Mwambo susweka, chilonda sichibwera. Lero zayenda bwino kwambiri. Ndikuyenda pabwalo manja kumbuyo ngati dokotala.

Lachiwiri

Esinati wapita ku esiteti kukasankha fodya. Akuti akajomba alemba wina. Mayi a Chisomo ayesa kuwatembenuza okha, agwira msana n'kukhala pansi. Mtima wanga myuu! Nanga mwana akabadwa lero lomwe? Odwala awiri, nesi mmodzi, nesiyonso ali panja.

Ndakumbukira kuti anesi amayala nsalu kunsi kwa wodwala n'kumakoka nsaluyo. Tayala chitenje, nsonga zake zatulukira pakhomo, ine ndagwira maso ali kukhola la mbuzi. Ndakoka ndi mtima wonse. Sanatembenuke. Abwera ndi mphasa yomwe mpaka pakhomo!

Ndathawira kuseri kwa nkhokwe. Mayi a Chisomo aseka mpaka misozi. Choseketsa sindikuchiona. Nzeru imeneyi ndi yakuchipatala.

Lachitatu

Nzeru ina: kulowa nditamanga duku kumaso. Kuona sindiona, ndipo ndigwira bulangete, osati munthu.

Ndasamba m'manja mpaka sopo wachepa. Ndalowa chopapasa. Zimene ndagunda: chitseko, mpando, beseni la madzi. Madzi onse pamphasa. Zogonera zouma zija!

Dzuwa kulibe, mitambo yakuta mapiri. Ndayanika bulangete pafupi ndi moto, tsopano likununkha utsi ndipo lili ndi bowo lolowa chibakera.

Mayi a Chisomo akuti phewa la apongozi labwinolo limagwedezeka. Ndachita mantha. Kuzizidwa? Malungo? Akuti ayi, amaseka.

Lachinayi

Amayi a kumphakati abwera kudzazonda ndi kupemphera kolona. Nyumba yadzaza. Abweretsa phala, ndipo ndikumva akuwamwetsa ali chigonere! Ndafuula kuseri kwa khoma kuti awadzutse kaye. Kenako aNabanda, amene amayambitsa nyimbo kutchalitchi: "Kodi akulankhulawo ndi akamwini kapena wailesi?" Nyumba yonse phwete.

Ndapemphanso kuti awatembenuzeko, poti iwo ndi ambiri. Akuti, "Munthu wodwala muzimutembenuza ngati chinangwa chapamoto? Asiyeni apume."

Tsiku lonse mbali imodzi. Koma kudzutsa anawadzutsa, ndinamva mphasa ikulira. Wailesi imamvedwa ndithu.

Lachisanu

Chafika chimene ndimaopa. Mayi a Chisomo powapukuta apeza malo ofiira m'chiuno, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Khungu silinang'ambike. Ndafunsa pazenera: kufiira kwa tomato kapena kwa dothi la katondo? Pakutentha? Mukakanikiza ndi chala pakuyera?

"Bambo a Chisomo, ine ndatopa. Mafunso anuwo sakutembenuza munthu."

Mvula yavumba tsiku lonse. Msewu wa ku boma ndi phala lokhalokha, ngakhale njinga yamoto siidutsa. Esinati amawatembenuza popita ndi pobwera kuntchito basi. Sizikwana, anesi anati pafupipafupi. Chilonda chikatseguka, adzati anauzidwa ndani? Ine. Wodi yonse ikumva.

Ndazungulira nyumba mpaka galu wasiya kunditsatira.

Loweruka

Ndili pazenera, ndamva mawu okoka, otuluka pakamwa popotoka paja. Apongozi! Sakulankhula ndi ine, sangatero. Akulankhula ndi mphaka.

"Iwe pusi, kawauze apazenerawo kuti mbali ino yandiwawa. Alowe ndi maso awo, asadzandithirenso madzi."

Ndauza mphaka kuti ndamva. Mphakayo n'kuti atatuluka kale.

Ndasamba m'manja. Ndalowa. Mayi a Chisomo awafunditsa bwinobwino. Dzanja lina paphewa, lina pabondo, monga amachitira anesi aja, pang'onopang'ono. Kupepuka kwake ngati mtolo wa fodya wouma. Atembenuka! Ndaika kansalu kopinda pakati pa mawondo, ndawongola makwinya onse. Denga silinagwe, mphezi siinang'anime.

Iwo, maso ali pakhoma: "Pusi, manja ali nawo."

Ndatuluka chafutambuyo, ndagundanso beseni. Mwayi wake munalibe madzi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, nesi sasiya wodwala. Mthunzi wa nkhokwe ukangosuntha, ndimasamba m'manja n'kulowa. Mayi a Chisomo akuti kufiira kuja kwayamba kuzimirira. Ine sindinakuone ndipo sindidzakuona, ndangokhulupirira.

Nzeru yapazenera yafa, basi, ndavomera. Mudzi wonse wamva kale. ANabanda pochokera ku Misa aima pampanda: "Mwaswera bwanji anesi?" Ndayankha bwinobwino, poti sananame.

Zotsala ndi izi. Malume a mayi a Chisomo akuti mwambo ukufuna nkhuku kuti ine ndi apongozi tiyambe kulankhulana poyera. Apongozi auza mphaka kuti nkhukuyo idikire, akuganizabe. Choncho kunyamula ndikuwanyamula, koma moni sindinawapatsebe. Akadzayamba kuyenda n'kukumana nane panjira, sindikudziwa ngati ndidzalowenso m'chimanga.