Botolo la Mumtsinje mu Firiji ya Mlamu

Inu, sendezani mpando mumve za mlamu wanga, bambo wa mwana mmodzi, munthu woti mwana akangoyetsemula iye wayamba kale kufunsa za ambulansi.

Mlamuyu anapeza ntchito kwa akatswiri ofufuza mitsinje, koma anali asanamulembe zenizeni, ankamuyesa kaye. Ntchito yake inali yotunga madzi m'mabotolo. Abwana ake, mayi wa magalasi, anamufotokozera kuti chamoyo chilichonse chimasiya chizindikiro chake m'madzi, chotchedwa DNA, ndipo makina amachiwerenga n'kutchula tizamoyo tonse tosaoneka ndi maso toyandama mumtsinjemo.

"Botolo lifike lozizira, lodzaza, losatsegula. Ukalakwitsa, chipata ndi icho."

Tsiku lina galimoto inawafera panjira, anafika ofesi atatseka. Mlamu anapita nalo botolo kunyumba n'kuliika mu firiji. M'mawa anapeza firiji ili yasa, kamwana kali pansi, botolo lili kukamwa.

"Mayi a mwana! Wamwa kafukufuku!"

"Wamwa chiyani?"

"Tizilombo mamiliyoni! Bereka, tiye!"

Kuchipatala namwino anayang'ana mwana, mwana akuseka. Anayang'ana bambo, thukuta lili kamukamu.

"Mwanayu ali bwino. Inuyo bambo khalani apa ndikuyezeni."

Pobwerera, botolo lili theka, mtsinje uli kutali. Athiremo a pampopi? Ayi, amenewo ndi a mankhwala, mulibe kamoyo, abwana adziwa. Ndiye anakumbukira kuti ometa tsitsi apakona ali ndi thanki yagalasi ya nsomba zokongoletsa, yowala ndi magetsi, pafupi ndi wailesi. Madzi amoyo enieni!

"Achimwene, ndigawireniko madzi a nsombazi."

"Aulere? Mumete kaye."

Anameta, inu, mutu woti anameta dzana. Botolo linadzaza, n'kukaperekedwa mwaulemu ndi manja awiri.

Zotsatira zitatuluka, abwana anamuitanitsa. Mlamu anatsanzika mkazi wake ngati wopita kunkhondo. Koma anapeza abwana akuvinavina, magalasi ali pamphumi.

"Botolo lako lija! Tizamoyo tamumtsinje tilimo. Munthu alimo, ng'ombe ilimo, zimenezo sizodabwitsa kumtsinje."

Mlamu anaganiza za dovu la mwana ndi mkaka wa ng'ombe umene mwanayo amamwa.

"Koma nsomba iyi! Ya kutsidya kwa nyanja! Yafika bwanji mumtsinje wathu?"

Mlamu anatsegula pakamwa kuti aulule.

"Ntchito takulemba," anatero abwana. "Mawa utitsogolere pomwe unatunga. Sitichokako mpaka titaigwira."

Mlamu anatseka pakamwa. Mwana amadya, inu.

Mpaka lero mlamu ali m'madzi olekeza m'chiuno, ukonde m'manja, akuloza uku ndi uku ngati wodziwa. Dzulo abwana, atatopa, anamufunsa kuti nsombayo ingakonde malo otani.

Mlamu anakanda mutu, n'kuyankha zoona zokhazokha.

"Ine ndikuona ngati imakonda pomwe pali magetsi ndi wailesi, bwana."