Mimba ya Alamu Anga ndi Mulu wa Tirigu

Ndikanadziwa, tsiku limene dokotala uja anabwera kusukulu kwathu ndikanangodwala malungo n'kutsala ndili gone. Koma ndinali bwinobwino, ndinakhala mpando wakutsogolo, ndipo ndinamva zonse. Lero achemwali anga a Esinati akulima okha, ndipo akandiona amayang'ana kumbali.

Dokotalayo anali mzungu wachikulire wa ku yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja, amene ankayendera zipatala za kuno ku Nyasalande. Sanali dokotala wa jakisoni ayi. Anatiuza kuti moyo wake wonse wakhala akufufuza chinthu chimodzi, mmene nkhawa imadwalitsira thupi. Ali mnyamata ankagwira ntchito pachipatala pomwe pankabwera anthu odandaula m'mimba, mutu ndi kubanika, koma akawapima osapeza kanthu. Anzake ankawabweza anthuwo kuti akunama. Iye anayamba kukhala nawo pansi n'kumawafunsa za kwawo, ndipo anapeza kuti ululuwo unali weniweni, kungoti gwero lake linali mumtima. Analemba mabuku, anaphunzitsa madokotala ambiri, mpaka tsitsi lonse linathera pa nkhani imeneyi. (Atsikanafe tinamupatsa dzina loti Bambo Makutu, chifukwa anati chida chake chachikulu ndi makutu. Komanso analidi nawo, si pang'ono.)

Njira yake inali yosavuta. Wodwalayo mukhale naye pamalo pachete. Musamudule mawu. Akasiya kulankhula, inu mungoti, "Ndiyeno?" Ine ndinatuluka m'holo muja ndikudziona nditavala kale chovala choyera.

Patchuthi cha nyengo yokolola tirigu nditafika kwathu ku Midzemba, ndinapeza wodwala akundidikira. Anali alamu anga a Yotamu, amuna a achemwali, amene ankakhala pachikamwini pamudzi pathu. Anali ataonda, akuyenda atagwira pamimba. Ankati m'kati mukuyaka moto. Mizu anamwa, kuchipatala cha mishoni anapita, anawapatsa mankhwala a njoka za m'mimba, koma ngakhale njoka imodzi sinatuluke. Amayi anali ndi dzina lawo la matendawo. Ankati ndi ulesi, poti ululuwo umayamba khasu likangotuluka m'nyumba.

Nkhaniyo inali itafika poipa. Achemwali anandinong'oneza tikutunga madzi kuti ankhoswe anakhalapo kale pansi, ndipo amayi ananena kuti tirigu akatha kupunthidwa mkamwini asanachire, aziona msewu.

"Ine ndimawafuna amuna anga," anatero achemwali. "Si aulesi. Kwawo ankalima mpaka dzuwa kulowa."

"Musadandaule achemwali, matendawa ndikuwadziwa," ndinatero ine. (Nditamva phunziro limodzi lokha, la masana amodzi!)

"Iwe, usakachite zachibwana."

Ndinalonjeza kuti sindichita zachibwana.

M'mawa mwake ndinawapeza alamu atakhala pakhonde, akubuula. Paja munthu ndi mlamu wake amaseka momasuka, ndiye sindinavutike kuwayamba.

"Alamu, tiyeni ndikakupimeni."

"Ha! Mkazi wanga wamng'ono wasanduka dokotala? Nanga jakisoni ali kuti?"

"Wanga ndi wapakamwa. Tiyeni kumanachesi uko, kulibe anthu."

Kuseri kwa nyumba zathu kuli mitengo ya manachesi, ndipo pambali pake tinali titaunjika mitolo ya tirigu yodikira kupunthidwa, mulu wautali kundiposa. Malo achete, monga ananenera Bambo Makutu. Tinakhala pansi titatsamira muluwo.

Apa ndiyenera kufotokoza chimene ine ndinaiwala, ngakhale ndinabadwira momwemo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Salankhulana maso ndi maso, mawu amadzera mwa munthu wina. Ndi ulemu umenewo. Tsono amayi anali komweko akutola manachesi akugwa. Ataona akamwini akubwera, anachita zaulemu: ananyonyomala kuseri kwa mulu wa tirigu, nsalu kumutu, kudikira kuti tidutse. Ife sitinadutse. Tinakhala.

"Alamu, kodi mimbayi imayamba nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Ndiyeno?"

"Ndiyeno chiyani? Imapweteka basi."

Ndinakhala chete monga anatiphunzitsira, ngakhale lilime linkandiyabwa. Alamu anathyola kaudzu, kukaluma, kukataya. Kenaka anati, "Ukudziwa, imayamba ndikangomva chifuwa cha amayi ako. Kukangocha amadzaima kuseri kwa nyumba yathu n'kutsokomola. Alibe chifuwa amene aja. Ndi belu."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Gwero lija! "Ndiyeno?"

"Ndiyeno ndikalima, amadikira ndichoke, n'kupita kukayendera mizere yanga. Madzulo uthenga wafika kudzera mwa Esinati: akuti mizere yakhota ngati njira ya woledzera. Ndikamanga nkhokwe, akuti yapendama. Ndinapha gwape, akuti anali wodwala kale, n'chifukwa chake ndinamupeza."

"Ndiyeno? Tulutsani zonse alamu, musasiye kanthu m'kati. Kwezani mawu!" (Zokweza mawuzi Bambo Makutu sananene. Ndinawonjezera ndekha.)

Alamu anakweza. Anaimirira, dzanja lija analichotsa pamimba n'kuliika m'chiuno, nayamba kuyenda modzimbuka ngati amayi, akulankhula ndi mawu a m'mphuno: "Mwana wanga anakwatiwa ndi mthunzi! Mthunzi umadya koma sugwira khasu!" Ndivomere, anawatengera ndendende, ndipo ine ndinaseka mpaka misozi. Anapitiriza kuti apongozi oterewa ngakhale fisi angawabweze, kuti kutchalitchi amaimba mokweza kuposa onse kuti Mulungu asamve madandaulo a anthu ena. Atatha anageya kwambiri, n'kudzisisita pamimba modabwa.

"Iwe! Mwapepuka m'mimba muno. Sukulu ndi yabwino, eti!"

Sindinayambe ndanyadapo choncho. Ndinali ndikuganiza kale mmene ndikawafotokozere aphunzitsi. Pomwepo mulu wa tirigu unayetsemula.

Mungu wa tirigu ndi umene unawagonjetsa amayi. Anadzuka pang'onopang'ono, timapesi tili m'mutu, manachesi ali m'nsalu. Alamu anagwada pomwepo n'kuyang'ana pansi, chifukwa ngakhale zitavuta chotere, kuwayang'ana apongozi sakanatha. Amayinso sanaphwanye mwambo. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, uwauze anthu ena kuti belu lamva."

Ine ndinayang'ana alamu, kenaka amayi.

"Uwauze! Si ndiwe wonyamula mawu?"

"Alamu," ndinatero, "akuti belu lamva."

"Uwauzenso kuti poti mimba yapepuka, miyendonso yapepuka. Njira yakwawo akuidziwa."

Izi sindinabwereze. Alamu anali atazimva okha, ndipo anali atayamba kale kubwerera chafutambuyo, ali chogwada, mpaka anakalowa m'mapira a eni ake.

Ankhoswe anakhalanso pansi. Amalume, nkhoswe ya kwathu, anayesetsa, anati mawu a munthu wodwala sawerengedwa, ndipo alamu anapereka nkhuku yopepesera. Amayi nkhukuyo analandira, koma mawu sanabweze. Anati za fisi akhoza kukhululuka, koma za kuimba kwawo kutchalitchi ayi. Ine anandiitana kuti ndifotokoze, ndipo ndinayamba kunena za yunivesite ndi mmene mtima umalankhulira kudzera m'thupi. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati kusukuluko amatiphunzitsanso kukhala chete.

Tirigu asanathe kupunthidwa, alamu anamanga kamtolo kawo. Kwawo sanakhalitse, anatsatira anzawo opita kukagwira ntchito ku Halale. Tsiku limene ananyamuka, achemwali sanalire pagulu. Anandipeza kuchitsime, n'kutula mtsuko pansi.

"Adokotala," anatero, "mimba mwachiritsa. Nanga ukwati wanga muuchiritsa liti?"

Bambo Makutu sanafike pamutu umenewo, kapena anafika ine ndili kalikiliki kudziyesa chovala choyera.

Patchuthi chino kwabwera bambo wina wa ku Ligowe wochokera ku Halale komweko. Akuti anawaona a Yotamu, anenepa, masaya ali phwii, akudya chilichonse mpaka tsabola. Mimba sinawavutenso. Ndiye kuti dokotala uja ananena zoona, ndipo wodwala wanga woyamba anachiradi. Ndayesa kusangalala nazo, zikukanika. Akuti amafunsa za Esinati, ndipo ine ndimapemphera kuti tsiku lina adzatumiza ankhoswe kudzapempha kuti awatengere mkazi wawo kwawo. Amayi akamva dzina lawo amangotsokomola.

Maphunziro amenewa ndikuwafunabe, sindinama. Ndikadzaloledwa kupitiriza sukulu, ndidzaphunzira zonse, osati za masana amodzi, ndipo ndisanafunse munthu funso ndidzayamba ndazungulira mulu uliwonse umene uli pafupi.

Koma masiku ano inenso m'mimba mwanga mumayaka. Mumayamba m'mawa, ndikangoona achemwali akutsika okha kumunda, khasu limodzi paphewa. Mizu sindikumwa, gwero ndikulidziwa. Dzulo ndinawatsatira ndi khasu langa, tinalima osalankhulana mpaka dzuwa kufika pamutu. Tikupuma anagwira pachipumi n'kunena kuti mutu sukuwapatsa mtendere chichokereni amuna awo.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, kunalibe mulu. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ungoyerekeza kunena kuti ndiyeno," anatero achemwali, akunyamula khasu.

Ndinatseka.