Mzere Womwe Unali Kumbuyo Kwanga

Mukadzandiona ndikudutsa pamsika wa Chintheche nditazyolika, musandifunse za mafilimu. Funsani za mtengo wa usipa, za mvula, kaya za ana a Sitandade 7 omwe ndimaphunzitsa, ndidzakuyankhani bwinobwino. Za mafilimu zinandichititsa manyazi pamaso pa midzi ingapo, masanasana dzuwa likuswa mtengo, moti mpaka lero anyamata a maminibasi amandiitana kuti "a Malemu".

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Boma litanditumiza kuno, ndinabwera ndi mkazi wanga, amayi a Chisomo, komanso nthenda yanga yakale yokonda mafilimu. Chaka chilichonse ikafika nyengo yoti kumayiko akunja apereke mphoto kwa akatswiri a mafilimu, ine ndimakakamira pa foni kuwerenga zolosera: apambana ndani, amusiya dala ndani, oweruza akondera ndani. Mafilimu ambiri mwa amenewo sindinawaonerepo (bandulo yake ichokera kuti pa malipiro a mphunzitsi?), koma zimenezo sizinandiletsepo kukhala ndi maganizo. Ndikangoyamba nkhaniyi ku sitafu, aphunzitsi anzanga amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi makope oti achonge.

Ndiye mutha kuona chimwemwe changa pamene magulu a zisudzo a m'midzi ya kuno anayamba kujambula timafilimu tawo pa foni. A Longwe, mkulu wa mpingo wolemekezeka yemwe sakweza mawu ngakhale nyumba ikupsa, anati pakhale mpikisano, ndipo anthu adzasankhe okha opambana. Mphoto ya mwamuna wosewera bwino inali nkhafi yosemedwa mwaluso, yopakidwa polishi mpaka kuwala. Ine bwato sindinalikwerepo, madzi ndimawaopa, koma nkhafi imeneyo ndinaifuna ndi mtima wanga wonse. Ndinkafuna kuti anthu a kuno, omwe ankandiona ngati mphunzitsi wobwera wolongolola za mafilimu a eni, aone kuti pakamwapa pali luso kumbuyo kwake.

Gulu la kusukulu kwathu linajambula nkhani ya bambo wokana kupita kuchipatala mpaka kumwalira. Bamboyo ndinali ine. Yemwe ankajambula anandiuza kuti ndingotsinzina basi, mutu ugwere kumbali. Ine ndinati ayi, mphoto sapambanira kutsinzina. Ndinatsokomola, ndinaitana ana mmodzimmodzi, ndinawasiyira malangizo, ndinafa. Kenako ndinakumbukira kuti sindinanene woti atenge njinga, ndiye ndinadzuka, ndinagawa njingayo, ndinafanso. Ana oyenera kulira maliro aja anayamba kulira, ine n'kutukulanso dzanja kuti adikire kaye, ndikadali ndi mawu. Foni inatentha, wojambulayo anatopa, koma ine ndinachoka pamphasapo ndikudziwa kuti dziko la Malawi silinaonepo imfa yotere.

Komiti ya mpikisano itatulutsa mayina a olimbirana nkhafiyo, tinalipo atatu: ine, msodzi wina wofatsa wa ku Bandawe, ndi Ada Mphande (kuno bambo amati "ada"). Ada Mphande amagulitsa nyama pamsika, munthu wa chimimba ndi chiseko chomveka kutsidya kwa msewu. Mu filimu yawo anasewera ngati mkulu wa mpingo yemwe anamwa pang'ono asanakwere pa guwa. Filimu yathu komitiyo inaisiya pa mndandanda wa mafilimu abwino, zomwe ndinazitcha tsankho loonekeratu, ngakhale kuti pa dzina langa lokha ndinaona kuti komitiyo inaganiza mwanzeru.

Kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kulosera, monga amachitira akatswiri a pa foni aja. Asodzi adzavotera msodzi mnzawo. Amayi a kwaya adzavotera filimu iliyonse yomwe muli nyimbo yawo. Nanga Ada Mphande? Kuno ukaponya mwala umagenda wachibale wa Mphande. Yemwe si m'bale wawo ndi mlamu, yemwe si mlamu amapatsidwa mafupa a basera Loweruka lililonse. Ine achibale anga kuno anali mkazi wanga, aphunzitsi anzanga ndi anamwino ochepa ochokera kwathu. Pa chibale ndinali nditagonja kale, choncho ndinaganiza zothetsa chibalecho.

Ndinayamba ulaliki wodana ndi kukondera. Ndinaulalikira ku sitafu, pamjigo, pa sitolo, ngakhale m'minibasi. Lamulungu lina ndinapempha mpata pa nthawi ya zolengeza, n'kuima kutsogolo kwa mpingo wonse.

"Abale anga, luso lilibe m'bale," ndinatero. "Tsiku lovota muiwale kuti uyu ndi malume, uyu ndi mlamu. Ngakhale mwamuna wako yemwe, ngati sanasewere bwino, musiye. Voterani chimene maso anu aona."

Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, ena n'kuti "yewo, asambizi", kutanthauza kuti zikomo aphunzitsi. Ndinakhala pansi ndikumva kukoma.

Tikubwerera kunyumba, amayi a Chisomo anandifunsa, "Bambo a Chiso, zija mwanena zija mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa. Dziko lino lawonongeka chifukwa cha kukondera."

"Ngakhale mwamuna wako yemwe?"

"Makamaka ameneyo," ndinayankha, ndikukonza tayi.

Anangoti, "Chabwino," n'kusintha mwana kumsana. Ine ndinapitiriza kuwafotokozera mmene oweruza a kunja amalakwitsira.

Za kavotedwe, a Longwe anakana mapepala. Anati mapepala anadanitsa anthu posankha komiti ya mjigo, ndiye tidzachita monga timachitira posankha atsogoleri kumudzi: opikisana aime atatembenuka, anthu afole kumbuyo kwa yemwe akumufuna, ndipo wopikisana asacheuke mpaka atauzidwa. Ine ndinavomereza ndi manja awiri. Ndinakhoma ngakhale msomali pakhoma la pabalaza, pamwamba pa wailesi, poti ndidzapachikepo nkhafi.

Tsikulo linali Loweruka. Mafilimu tinaonera m'mawa mu holo ya sukulu, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete, jenereta ikulira panja. Ada Mphande atangoonekera pakhomapo akuyesa kutsegula buku la nyimbo chadodolido, holo yonse inagwa ndi phwete. Ine ndinapinda manja n'kunong'oneza mkazi wanga kuti kuseketsa anthu n'kosavuta, luso lenileni ndi kuwaliza. Iye anali akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Itafika filimu yathu, anthu anakhala chete pa imfa yoyamba. Nditadzuka kuti ndigawe njinga, kunamveka kuseka kumbuyo, ndipo ndinadziuza kuti anthu ena chisoni chimawatulukira motero. Nditatukula dzanja kuletsa olira aja, mayi wina anakuwa m'Chitonga, "Fwani waka, ada!" Holo inaphulika. Ndinafunsa mnzanga yemwe ndinayandikana naye kuti mayiyo wati chiyani, iye n'kuti akundiyamikira. Ndi Lolemba pomwe mwana wa m'kalasi mwanga anandimasulira kuti anati, "Ingofani, bambo."

Titatuluka, dzuwa linali pamutu. Ine ndinali mu suti yakuda, ija ya paukwati, yomwe masiku ano imandigwira m'khwapa. Pabwalo la sukulu pali mtengo umodzi wa mango, ndiye a Longwe atati tisankhe poima, ndinathamangira m'mphepete mwa mthunzi wake (wophunzira amaoneka pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi). Ada Mphande anaima kumanzere kwanga, padzuwa penipeni, msodzi uja chapatali. Tonse tinayang'ana kunyanja, anthu tinawapatsa msana.

"Folani tsopano," anatero a Longwe pa chimkuzamawu.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako kunabwera mapazi. Mapazi ambiri, abale. Fumbi linandifika m'mphuno, ndinamva fungo la mafuta odzola, makanda akulira, amayi akukankhana chapafupi ndi msana wanga. Wina anayambitsa nyimbo ndipo inamveka m'khutu mwangamu. Ndinatsinzina n'kuthokoza Mulungu kuti ulaliki wanga wagwa pa nthaka yabwino. Kunena zoona, misozi inalengeza. Kwa nthawi yoyamba chibwerere kuno ndinamva kuti anthu awa andilandira.

A Longwe anali asananene kuti titembenuke, koma khosi linandikanika. Ndinacheuka pang'ono, ndipo zomwe ndinaona zinandimaliza: khamu la anthu, mthunzi wonse wa mango uli thothotho, kumbuyo kwanga ndendende. Sindinadikirenso. Ndinapita kwa a Longwe, ndinalanda chimkuzamawu m'manja mwawo, n'kuyamba mawu omwe ndinakhala ndikuyeserera kubafa.

"Yewo ukongwa, anthu a ku Chintheche," ndinatero, kuti aone kuti Chitonga ndikuchiyesa. "Lero mwaonetsa dziko kuti luso limaposa magazi. Kwa m'bale wanga Ada Mphande ndikuti musataye mtima, kuseketsa anthu nakonso ndi mphatso. Pitirizani kuphunzira."

Palibe anaomba m'manja. A Longwe anandigwira pa chigongono mofatsa, monga amagwirira munthu pamaliro.

"Asambizi, pepani," ananong'ona, koma chimkuzamawu chinali chikadali pakamwa pathu tonse. "Mzerewu si winu. Ngwa Ada Mphande. Wangopindikira kumthunzi chifukwa cha dzuwa."

Ndinayang'ananso bwino. Mzerewo unayambira pamsana pa Ada Mphande, n'kukhota, n'kudzaunjikana pansi pa mango kumbuyo kwa malo anga, n'kupitirira mpaka kuseri kwa kalasi. A Longwe anapempha kuti anthu awongole mzere kuti chilungamo chioneke, ndipo khamu lonse lija linasuntha pang'onopang'ono kulowa padzuwa, likudandaula. Ine ndinabwerera pamalo panga, poti kwina kopita kunalibe. Ndinaona aphunzitsi anzanga akusuntha nawo, maso ali pansi. Ndinaona anamwino akwathu aja. Ndipo pakati pa amayi a kwaya, chitenje chomwe ndinagula ndekha ku Mzuzu chikuoneka bwinobwino, panali amayi a Chisomo.

Kumbuyo kwanga kunatsala munthu mmodzi: gogo wina wamfupi, wa ndodo, yemwe sindinamuonepo chibadwire. Ndinagwira manja ake onse awiri.

"Ama, zikomo. Inu nokha ndiye mwaona luso."

"Filimu yinu ine sindinaiwone, ndafika mochedwa," anatero gogoyo. "Kweni yule Mphande ndi mkamwini wangu. Mbuzi zake zikumaliza chinangwa changu, ndipo kupepesa sapepesa. Olo mukanaimika chitsa apa, ine ndikanafola kumbuyo kwake."

Voti yokhayo yomwe ndinapeza inali ya tsankho, ndipo sindinaikane.

Ada Mphande analandira nkhafi yawo, anaivinitsa m'mwamba, kenako anabwera kudzandikumbatira mpaka suti inalira pamsana. Anati ndisataye mtima, kufa nakonso ndi mphatso. Achibale awo onse anali atawavotera monga mwa masiku onse, ulaliki wanga sunawakhudze n'komwe. Unakhudza anthu anga okha.

Njira yobwerera kunyumba inatalika. Ndinkayenda patsogolo, jekete lili paphewa, amayi a Chisomo akubwera m'mbuyo ndi mwana. Ndinafuna kukhala chete mpaka mawa kuti amve kuwawa, koma pofika pa mjigo ndinalephera.

"Amayi a Chiso, inunso?"

"Munanena nokha kutchalitchi. Ndinakufunsaninso panjira."

"Zija ndimanenera achibale a Mphande."

"Simunatchule mayina."

"Ndiye mukutanthauza kuti munthu wogulitsa nyama uja anandiposa ine?"

Anaima, n'kutsitsa mwana kuti ayende yekha. "Bambo a Chiso, ine ndinakhala nawo pa maliro a bambo anga. Munthu akafa sadzukanso kudzagawa njinga." Kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Mukanandiuza kuti mukufuna mkazi wanu, ndikanaima kumbuyo kwanu ngakhale ndekha, ngakhale padzuwa. Koma inu munati mukufuna woweruza."

Zinandipweteka, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti pa anthu onse aja, yemwe anamvera mawu anga ndi mtima wonse anali yemweyu. Ndinanyamula Chisomo paphewa, tinayenda limodzi mpaka kunyumba.

Chaka chino mpikisano uliponso, ndipo ine ndasintha uthenga. Kulikonse komwe ndapita ndikumakumbutsa anthu kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndiponso kuti munthu wosiya mnzake wa kuntchito n'kukafola kwa mlendo ndi wofunika kumupempherera. Mu filimu yatsopanoyi andipatsa malo a mlonda wosalankhula (akuti ndi mmene nkhaniyo ilili, ine ndikukayika). Dzulo, mkazi wanga akusita malaya, ndinamuyandikira mwaulemu wonse.

"Amayi a Chiso, chaka chino ndikufuna mkazi wanga. Ndanena poyera, mwamva."

Anatembenuza malayawo n'kupitiriza kusita kolala.

"Ndamva," anatero. "Tiyambe taionera filimuyo."