Apa a Jere Amathamanga

Lolemba

Sabata yaikulu yayamba! Loweruka kwaya yathu ikayimba ku Jenda pa msonkhano wa makwaya, ndipo nyimbo yake ndi yanga. Yoyamba kupeka chibadwire. Ukwayamasitala anandipatsa mongoyesa, poti amene analipo anapuma, ndipo mphunzitsi wa masamu wochokera ku Dedza uja, ineyo, ndi amene anapezeka kuti ali ndi laputopu. A komiti sanabise: "Tikaona ku Jenda." Zikakayenda bwino ndikhalabe kutsogolo. Zikakavuta ndibwerera kumzere wa atena.

Anthu a kuno ku Mzimba ndi aulemu mpaka kutopetsa. Chilichonse chimene ndinganene, yankho ndi limodzi: "Yewo asambizgi, yewo chomene." M'Chitumbuka, ndiko kuti zikomo kwambiri aphunzitsi. Kenako ayimba mmene amayimbira kale. Zimandiwawa pang'ono, chifukwa ulemu wotere ndi wopatsa mlendo amene akudziwa kuti apita.

Koma mankhwala ndawapeza: pepala. Ndili ndi pulogalamu yolembera nyimbo. Umalemba zilembo ndi manambala ngati masamu, nkudina, iyo nkutulutsa pepala laudongo ngati la m'buku la nyimbo. Chokoma koposa nchakuti umatha kudzipangira malamulo ako. Ulemba kamzere kopendekera, kenako dzina limene wasankha, ndipo pulogalamu iika mawu ako pamwamba pa noti imene ukufuna. Eni ake anaikamo kale za "mokweza" ndi "motsitsa", koma za kwathu kuno mulibe. Ndipanga ndekha:

\pumani (pokoka mpweya)
\mmanja (powomba m'manja)
\weramani (ndime yachitatu, mwaulemu)
\nthungululu (kamodzi kokha, kumapeto!)

Pakamwa panga amangopayankha yewo. Tione ngati pepala aliyankhenso choncho.

Mayi akunyumba akuti tiyi wazizira kachiwiri. Ndamwa wozizira yemweyo, ndili wokondwa.

Lachiwiri

\pumani watheka! Kamawu kakang'ono kopendekera, pamwamba penipeni pa noti. Ndaitana mayi akunyumba kuti adzaone. Aona, ati zikomo, abwerera kokachapa.

\mmanja wathekanso, ngakhale anayamba wakana. Pulogalamuyi ikakwiya imalavula mizere yofiira yambirimbiri, ndipo mlandu wonse umapezeka kuti ndi bulaketi imodzi imene sindinatseke. Ine amene ndimadula ana malikisi chifukwa cha mabulaketi. Asamve.

Vuto ndi \nthungululu. Ndikufuna mawuwo akhale m'kabokosi, ndi kamzere kokhotakhota kutsogolo kwake kosonyeza kutalika. Zimene zachitika:

Koyamba, kabokosi kakhalira manotsi atatu, osaonekanso.
Ndakakweza. Kakwera mpaka kukagona pa mutu wa nyimbo.
Ndasintha nambala. Katsika kupitirira, kakatera pamzere wa abesi. Malinga ndi pepala, a Jere, mkulu wa abesi amene anakalambira kocheka matabwa ku Chikangawa, ndi amene akalulutire ku Jenda.

Ndaseka ndekha mpaka misozi. Kenako ndakonza. Tsopano kali pamalo pake, koma nyimbo ya tsamba limodzi yasanduka ya masamba awiri.

Mayi akunyumba: "Ndiye mwati inuyo mukuuza amayi a ku Mzimba poyimbira nthungululu? Inuyo?" Ndati si ine, ndi pepala. Ati chabwino.

Kunja kukuzizira koopsa. Zala zikuuma, koma ntchito ikuyenda.

Lachitatu

Ndasindikiza mapepala ochepa kwa a Saidi, amene ali ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi msika. Madzulo pulakatisi.

Mapepala awalandira ndi manja awiri. Awasisita. Wina wanunkhiza. Mtima wanga mbee. Kenako a Jere: "Asambizgi, ambululu awa ngokongola chomene, kweni do ali kuti?"

Do! Kwaya yonseyi imawerenga do-re-mi, osati manotsi a mitu yakuda aja. Ndimadziwa! Inenso ndinakulira do-re-mi yemweyo ku Dedza! Ndangoiwala chifukwa chotanganidwa ndi kabokosi. Ndaseka nawo ngati ndinachita dala. Palibe wakhulupirira, koma onse ati yewo.

Tayimba choloweza, mapepala ali m'manja ngati zokupizira. Zimene ndaona:

A Jere alowa msanga pa kolasi. Nthawi zonse amatero, ndipo abesi onse amawatsatira.
Atena atsika mawu pa ndime yachiwiri. Pang'onopang'ono, mogwirizana bwino.
A Mhango, tena wamtali wa kumapeto, pakamwa pakuyenda koma mawu a nyimbo sakuwadziwa.
NyaGondwe, sopulano wathu wamkulu, waponya nthungululu pakati penipeni pa ndime yachiwiri.

Ndamusonyeza kabokosi kaja, kali phee kumapeto. Iye: "Ndakaona, asambizgi, yewo. Kweni iyi yangobwera yokha." Ndanena kuti iziyamba yadikira. Akuti ayesa kuiuza.

Aluto okha ndiwo alibe mlandu. Amayi odekha, amalowa pa nthawi, amatuluka pa nthawi. Mulungu awadalitse.

Sindinadzudzule munthu ndi mmodzi yemwe. Mlendo udzudzula bwanji bambo wa msinkhu wa bambo ako? Ndangoti tiyeserenso, tayeseranso, zatuluka chimodzimodzi.

Lachinayi

Ndapanga \solofa. Noti iliyonse tsopano yasenza do, re kapena mi wake pamutu. Zatheka, koma \pumani ndi \solofa akulimbirana malo ngati mavenda. Ndakweza wina, ndachepetsa wina. Masamba afika atatu. \weramani ndamuchotsa, poti munthu sangawerame atagwira masamba atatu.

Ndiye nzeru yandibwerera, yabwino kuposa zonse sabata ino: \kwaine. Lamulo la ine ndekha! Zonse zimene pakamwa pakulephera kunena, ndizilemba pamwamba pa manotsi kuti zizindikumbutsa poyimbitsa. Pamwamba pa fayilo ndaika kamzere kamodzi. Ndikalembapo "inde", mawuwo atuluka, limenelo ndi pepala langa. Ndikalembapo "ayi", abisala, limenelo ndi la kwaya. Ndayesa: inde, atuluka. Ayi, asowa. Inde. Ayi. Ndasewera nazo ngati mwana ndi swichi ya magetsi.

Zimene ndalembamo:

Apa a Jere amathamanga. Agwire ndi diso.
Apa usamuyang'ane NyaGondwe. Akangoona diso, yatuluka.
Apa atena amatsetsereka ngati lole ya matabwa yopanda mabuleki. Kweza nsidze.
Apa a Mhango amangotafuna mpweya. Asiye, bola sakumveka.
Apa onse amayang'ana kukhomo. Ndi njala. Fulumira.

Mtima wapepuka! Sindinadziwe kuti ndasunga zambiri chonchi. Ndipo si mwano ayi, anthuwa ndimawakonda. Kungoti pepala silinena yewo.

Lachisanu

Tsiku lothamanga. Magetsi anathima dzulo madzulo, abwera m'mawa ndili kale m'kalasi. Laputopu yatsala ndi kamoto kochepa. Ndipo lero ndi Lachisanu: a Saidi amatseka shopu masana kupita ku mzikiti, ndipo akatseka sadziwika pobwerera.

Pa buleki ndatsegula laputopu mu sitafurumu. Mafayilo amene ndapezamo:

nyimbo yomaliza
nyimbo yomaliza yeniyeni
nyimbo yomaliza yeniyeni yokonza
iyi ndiye

Ndatenga "iyi ndiye", ndaponya mu fulashi, laputopu nkuthima. Njinga, liwiro, fumbi. Ndawapeza a Saidi atavala kale mkanjo woyera, loko ali m'manja. Munthu wabwino, watsegulanso.

Akumenya sitepula, akuyang'ana pepala, akundiyang'ana ine. "Aphunzitsi, mwatsimikiza ndi limeneli?" Ndati kwambiri, ndagwira ntchito sabata yonse. Amwetulira. "Chabwino. A Jere ndi kasitomala wanga, mukawapatse moni." Mzimba ndi yaing'ono ndithu, aliyense amadziwa aliyense.

Mapepala ali mu envelopu, sindinawatsegule kuopa kuwadetsa. Limodzi ndangosolola osayang'ana, ndapatsa mlembi wa kwaya kuti akapereke kwa oyendetsa mwambo. Ena ndigawa mawa mu basi.

Malaya asitidwa. Nsapato zapolishidwa. Ndine munthu wokonzeka.

Loweruka

Ndilembe bwanji?

Minibasi yanyamuka m'mawa. Ndagawa mapepala, ndakhala kutsogolo ndi dalaivala ngati bwana. Kumbuyo phokoso, nthabwala, wina akugawa chinangwa. Kenako zii. Zii wautali. Ndati m'mtima: aona do wawo, agoma.

Ndiye mawu a besi, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga Mawu m'tchalitchi: "Apa... a Jere... amathamanga."

Inde! Ndinasiya pa "inde"!

Ndayang'ana chitseko. Galimoto ikuthamanga, kudumpha sikungatheke. Ndayang'ana dalaivala, nayenso mapewa akugwedezeka. Kumbuyo kwaphulika. NyaGondwe akuwerenga zake mokuwa, akupukuta misozi ndi chitenje. Atena akufunsana kuti woyendetsa lole ija ndani. A Mhango: "Kasi mumaona? Ine ndimayesa simuona!" A Jere okha osaseka. Angoti, "Mbwenu," nkupinda pepala bwinobwino, kuika m'thumba la jekete. Mpaka ku Jenda khosi langa silinatembenuke. Palibe wanena yewo.

Nthawi yathu yakwana. Ndaima kutsogolo. Tayamba. Ndipo chinthu chachilendo: aliyense akudziwa pamene pali mlandu wa mnzake, ndiye onse akudikira pomwepo. Tikuyandikira kolasi, kwaya yonse maso kwa a Jere. A Jere maso kwa ine, osaphethira. Adikira. Adikirabe. Alowa mochedwa, koyamba m'mbiri ya mpingo! Abesi anzawo anali atapita kale.

Atena, poopa lole, akwera mpaka kupitirira. A Mhango ayimba mawu enieni, mokweza, a ndime ina. Pa ndime yachiwiri ndayang'ana kudenga kuthawa NyaGondwe, iye waona kuti ndikumuthawa, yatuluka! Amayi a makwaya ena ailandira, tchalitchi chonse chalulutira. Pofika pa kabokosi kanga kumapeto, mpweya unali utawathera onse. Pamenepo ndiye panali bata.

Koma anthu awomba m'manja kwambiri. Nyimbo inali ndi moyo, ngakhale sinali ndendende imene ndinapeka. Oyendetsa mwambo, pepala lathu lili m'manja, akuti: "Tisanapitirire, a Jere ndi ati? Aimirire tiwaone." A Jere aimirira, akweza dzanja ngati phungu. Pa chakudya anthu amachita kubwera kudzawapatsa moni.

Pobwerera ndakhala kumbuyo, pakona. A tcheya a komiti angoti: "Mawa tikatuluka m'tchalitchi, tikhale pansi."

Mayi akunyumba aseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Kenako andiphikira tiyi wa mkaka, ati atena nawonso ndi anthu.

Lamulungu

Ndapita nditakonzeka kubwerera kwa atena. Mawu opepesa ndinawaloweza, ena m'Chitumbuka.

Sanandipatse mpata. Woyamba kuima ndi NyaMoyo, mtsogoleri wa aluto, nkhope ili gwa. "Asambizgi, masamba atatu onse, aluto palibe olo pamodzi. Kasi ise sitiyimba? Ku Jenda anthu atchuka, ise tangopita nkubwera." Ndati amayi, inu simulakwitsa. Akuti ayi, amalakwitsa, pa ndime yachitatu amabisala kumbuyo kwa masopulano chaka chonse, ndipo ngati sindinamve ndiye kuti sindiwamvetsera. Aluto onse avomereza mokwiya.

Chigamulo cha komiti:

Ukwayamasitala ndipitiriza.
Mapepala onse azituluka pa "inde". Za "ayi" zathera pomwepa.
Aliyense azilembedwa, mosakondera.
Ambululu achepe, do akule.

Ndimati zatha. A Jere atulutsa pepala lawo lija m'jekete, alitambasula. Pamwamba pa kolasi yomaliza alembapo ndi bolopeni. Awerenga okha: "Apa asambizgi amatsinzina nkutisiya tokha." Kwaya yonse: "Nadi! Zoonadi!" NyaGondwe akuti ndimakwezanso chidendene chimodzi. A Mhango akuti nthawi zina ndimayimba nawo tena, molakwika. A Jere: "Ichi nacho chilowe mu kompyuta, ndapota. Zilembo zikuluzikulu."

Ndinkafuna kwaya yomvera pepala. Ndapeza kwaya yondilemba papepala. Koma kunena zoona, pobwerera kunyumba ndimayenda mopepuka. Chibwerereni ku Mzimba, lero ndi pamene anthuwa andidzudzula pamaso.

Masana ndakhala pakhonde, dzuwa likuwomba bwino, ndapanga lamulo latsopano: \kwaasambizgi. Ndafunsa mayi akunyumba ngati nzoona kuti ndimatsinzina. Akuti kuyambira tsiku la ukwati wathu.

Ndalemba, zilembo zikuluzikulu monga anenera, pamwamba penipeni pa kolasi yomaliza. Vuto ndi limodzi: pamalo amenewo maso anga amakhala otseka, ndiye sindidzawerenga. Aziwerenga okha.