Akamwini Pawindo, Ine Pakompyuta

Lolemba

Chiperoni chagwa, Nancholi yense ali m'nkhungu. Ine ndili ndi pulani.

Lamulungu likudzali kuli mapemphero okumbukira malemu amuna anga, Bambo a Joyisi, abale awo akubwera kuchokera ku Chikwawa. Ndawalonjeza kale pafoni kuti adzamva mawu a m'bale wawo. Pakamwa panga pamafika msanga, miyendo n'kumabwera pambuyo.

Mawuwo alipo. Kale kunabwera mphunzitsi wina wojambula nthano za kuchigwa. Ine ndinamudzazira makina mpaka anapempha madzi akumwa. Tsiku lotsanzika anati abambo nawo anenepo, ndipo amuna anga, munthu wotha tsiku lonse ndi "eya" mmodzi, anasimba nthano yathunthu. Imodzi yokhayo. Mphunzitsi anatisiyira kompyuta imene munali mawuwo ngati zikomo.

Kompyutayo inafa. Koma isanafe, akamwini anga, amuna a Joyisi, amene amakonza makompyuta ku Limbe, anaitenga yonse ndi nzeru zake n'kuiika m'mimba mwa ina. Inayo itakalamba, anaiikanso yonse m'mimba mwa yatsopano. Akuti vechuwo mashini, kompyuta yopanda thupi yokhala mwa inzake. Chisamutsireni palibe anatsegulapo.

Zovuta ndi zazing'ono:
- kompyuta ili kuchipinda kwanga, m'khola lachitsulo limene malemu anawotcheretsa kukhoma, ndi chitseko chomwe, poopa akuba;
- mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi;
- mwana wamkulu ngati Joyisi salowa kuchipinda kwa makolo;
- ine ndi akamwini sitiyankhulana maso ndi maso. Ndi ulemu wakwathu.

Tsono iwo adzaima panja pawindo, katani wotseka. Joyisi pakhomo la chipinda. Ine pamabatani. Mawa ntchito yatha.

Lachiwiri

Sinathe.

Yaikulu yayaka. Yapakati yayaka mochedwa ngati mbaula ya makala onyowa. Yam'kati, imene muli amuna anga, yatulutsa kabokosi ka mawu achingerezi ndi chizindikiro chofiira. Joyisi wawerenga atasuzumira, mapazi ali kunja kwa chipinda. Akamwini pawindo apuma mpweya wautali.

Afotokoza motere, kudzera mwa Joyisi: kompyuta yeniyeni ndi mwini nyumba. Yapakati ndi walendi. Tsono walendiyo akufuna kulowetsa walendi wakewake kuchipinda chakuseri, koma mwini nyumba sanavomere. Apa ndamva msanga. Zinachitikira mayi wina ku Soche, analowetsa mnzake wogulitsa naye tomato, mwini nyumba n'kuzula chitseko. Ndayamba kuwasimbira nkhaniyo. Joyisi akuti mayi, anthu akuzizidwa panja.

Ndafunsa kuti bwanji osangomutulutsa wakuseriyo tim'patse nyumba yakeyake. Akuti pulogalamu yosunga mawuyo ikasunthidwa imadzitseka, imaganiza kuti yabedwa. Ndiye kuti inatengera malemu.

Nanga kudula khola? Akuti chopukusira chingagwedeze zam'kati, mawu n'kufafanizika. Ayi, khola likhale.

Lachitatu

Lero tikukapempha chilolezo kwa mwini nyumba. Amakhala malo otchedwa bayosi. Kumeneko umalowa podina batani la F2 kompyuta ikangoyaka kumene, usanaphethire.

Vuto lake ndi ili. Akamwini akaona kuwala pakatani amati, "Awuzeni adine." Joyisi amati, "Mayi, akuti mudine." Ine ndimati, "Uwathokoze, ndikudina." Podzadina, khomo latsekeka kale.

Kunena zoona ndimawamva bwinobwino, windo lili pafupi ndi khutu langa. Koma mawu a mkamwini safika kwa apongozi asanadutse mwa munthu. Ndikadina Joyisi asanabwereze, ndiye kuti ndavomera kuti ndimawamva zaka zonsezi, ndi zija amanena za mchere wanga wam'ndiwo zomwe.

Tazimitsa, tayatsa. Tazimitsa, tayatsa. Anthu opita kumjigo ayamba kuima kuonerera bambo wa tayi akuyankhula ndi katani.

Alamu anga a Nasimango, mlongo wake wa malemu, aimba foni. Akuti auza mpingo wonse, ndipo agogo ena amene sakwera minibasi akuti ulendo uno akwera.

Lachinayi

Ndapambana!

Ndazindikira kuti makinawa amalira kaye asanaonetse kanthu: kachimphepo kamati fuu, kenako pii. Pakati pa fuu ndi pii ndi pamene pali khomo. N'chimodzimodzi kulowa nyimbo ya nthano, sudikira kuti wina akuuze, umangomva kuti apa ndi panga. Ndadina. Galasi lonse buluu!

Joyisi waomba m'manja. Akamwini akuti auzeni amayi kuti achita bwino. Ndadikira Joyisi abwereze, kenako ndakondwa.

M'bayosi mulibe zithunzi, ndi mizere yokhayokha. Zilembo ndinaziphunzirira m'buku la nyimbo, zachingerezi ndimaziona ngati nyerere. Tayenda ndi timivi: pansi, pansi, kumanja, bwererani mwapitirira. Tapeza mzere wa chilolezo, unali wotseka, tautsegula. Tasunga, tatuluka.

Yaikulu yayaka. Yapakati yayaka. Yam'kati: kabokosi komwe kaja, chizindikiro chomwe chija.

Akuti mwini nyumba wavomera, koma walendi sanauzidwe.

Lachisanu

Pali kabokosi kofunika kuchonga kuti chilolezo chitsike kufika kwa walendi. Kabokosiko kachita mbuu, sikadinika. Ndakadina mofatsa, ndakadina mwaukali, ndakatchula dzina la Ambuye. Zii.

Akamwini akuti mwina m'nyumbamo muli kapitawo wina wobisala amene anabwera ndi kompyuta, ndiye wagwira makiyi onse. Tamusaka, tamupeza, tamuzimitsa. Kabokosi kadali mbuu.

Ndiye akuti tilembe lamulo pawindo lakuda, chilembo chimodzichimodzi. Iwo atchule, Joyisi atchule, ine ndisake. Zosokoneza:
- timizere tiwiri togona, ine ndaika kamodzi;
- malo opanda kanthu, amene akuti nawonso ndi chilembo;
- tambala wa aneba, wolira nthawi iliyonse akamwini akatsegula pakamwa.

Lamulo lalowa dzuwa litapendeka. Kabokosi kachongeka kokha. Pokondwa ndakoka kamzere kena mpaka kumapeto, poti Joyisi anati ndi ka chakudya cha walendi, ndipo ine mlendo sindimumana. Kompyuta yonse yauma gwa. Ngakhale kamuvi sikakuyenda. Akuti ndapereka nkhokwe yonse kwa walendi, mwini nyumba wakomoka ndi njala.

Mvula yowaza yayamba. Ndapereka jekete la malemu kwa Joyisi kuti akawafunditse. Akuti athokoza. Ndinamva kale.

Loweruka

A Nasimango afika ndi thumba la mapira ndi agogo aja. Apeza akamwini pawindo, Joyisi pakhomo, ine ndikutuluka thukuta m'nyengo yozizira. Amvetsera nkhani yonse osandidula, chinthu chosowa. Kenako akuti:

"Mlamu, chipinda n'chiyani? Si bedi? Tulutsani bedi, chisanduka sitolo yosungiramo katundu."

Bedi latuluka, lili pansi pa mpapaya. Akamwini avula nsapato, alowa chowerama ngati m'tchalitchi. Zimene tavutika nazo sabata yonse azikonza madzi a tiyi asanawire. Yam'kati yayaka! Pulogalamu yatseguka, dzina la malemu lili pomwepo.

Adina. Timizere tobiriwira tayamba kuvina, kukwera, kutsika. Ndi malemuwo, akusimba.

Mawu osamveka.

Ndangozindikira ndagwira akamwini paphewa ndikuti, "Kwezani, bambo, kwezani!" Ndekha, popanda Joyisi. A Nasimango atsokomola. Akuti popeza zafika apa, nkhuku iphedwe basi, mudyere mbale imodzi, kuopana kuthe.

Tadya. Akamwini abwereranso m'sitolo muja. Akuti mawu ayenera kudutsa makomo a nyumba zonse zitatu, ndipo kachipangizo ka mawu kamene kompyuta yakale imakadziwa, yapakati ilibe. Asaka paliponse mpaka foni yatha mayunitsi. Akuti zitheka, koma osati mawa. Maso awo ali psuu. Ndawauza kuti akapume, mwana wa eni.

Lamulungu

Abusa apemphera. Anthu adzaza bwalo, ena akhala pabedi langa.

Tasendeza galasi la kompyuta mpaka pawindo, pamene chingwe chathera, tatsegula katani. Ndawauza zoona: m'bale wanu ndi uyu, akuyankhula, koma sakumveka. Agogo aja ayang'anitsitsa timizere tobiriwira nthawi yaitali. Akuti, "Ndi yemweyo. Nanga pakhomo pano anayamba wamvekapo?"

Anthu aseka, a Nasimango aseka akupukuta misozi. Ndiye ndaima pambali pa windo, timizere tikakwera ine n'kukweza, tikagona ine n'kupuma. Nthano yawo ndimaidziwa, ndinali pomwepo tsiku lija, ndikudziluma lilime. Pofika panyimbo bwalo lonse lavomera. Timizere tatha ine ndisanafike pakati. Ndapitiriza. Malemu anazolowera.

Alendo apita. Bedi likhala panja kaye, chipinda chikadali sitolo mpaka mawu adzatuluke. Ine ndigona pabalaza.

Akamwini abwera kudzatsanzika, maso ndi maso, koyamba. Ndawakhazika pampando kuti ndiwamalizire nkhani ya mayi wa ku Soche uja. Ayang'ana uku ndi uku kufuna Joyisi. Joyisi ali kotsuka mbale.

Akuti, "Eya."