Che Sidiki, Goloboyi wa Chikhakha

Ku Naperi mukapeza munthu wonena kuti anawaonapo Che Sidiki ali athunthu, opanda chikhakha pena paliponse pathupi, dziwani kuti munthuyo ndi wabodza, apo ayi anawaona akadali khanda.

Chikhakhatu ndikunena chija choyera, cholimba gwa, chimene achipatala amakumata nacho ukathyoka fupa. Anthu ambiri amachivala kamodzi pa moyo wonse n'kulumbira kuti sadzabwerezanso. Che Sidiki ankachivala ngati malaya. Chikachoka kumkono chinkasamukira kumwendo, chikachoka kumwendo mumadzachipeza kuchala. Telala wawo wa pakhonde ku Limbe anafika pozolowera, moti akabwera ndi nsalu ya thalauza ankangofunsa kuti, "Mwendo waukulu ukhale uti ulendo uno?"

Sikuti anali munthu wandewu, ayi. Mowa sankaulawa, kumzikiti sankajomba, ndipo lole ya a Essop, eni sitolo ina yaikulu ku Limbe, anaiyendetsa zaka zonsezo osaswa ngakhale galasi. Vuto linali Lamlungu masana. Che Sidiki anali goloboyi wa timu ya madala ya ku Naperi, timu ya anthu a mimba ndi madazi, othamanga pang'ono n'kuima atagwira m'chiuno. Anzawo onse ankadziwa kuti mpira wa madala ndi wongotulutsira thukuta. Iwo okha ndi amene sanauzidwe. Bwalo lake linali louma ngati simenti, miyala ili mbwee, koma mpira ukamabwera ankadziponya ngati pansipo wina wayala matiresi.

Amene anawadziwa mafupa awo kuposa eni ake ndi Winnie, wa kuchipinda cha mafupa pachipatala china cha m'tauni. Anakumana nawo atangoyamba ntchito, chaka chija cha chisankho choyamba cha matipate, akadali mtsikana wamanyazi woopa kukweza mawu. Lamlungu lina ali yekha pantchito anangoona madala ovala makabudula akulowa atanyamula mnzawo, fumbi lili mbuu mpaka m'ndevu.

"Mwatani, bambo?" anafunsa Winnie.

"Musanandigwire, mwana wanga, afunseni awa. Mpira uja unalowa?"

"Sunalowe," anayankha a Paston, ometa tsitsi amene ankasewera kumbuyo, mnzawo wa pamtima wa Che Sidiki.

"Basi. Tsono chitani zanu."

Mkono unali utapindika pamalo posayenera kupindika. Winnie anazengereza kuugwira, ndipo Che Sidiki anaona.

"Musaope, adokotala. Ine sindilira. Funsani aliyense ku Naperi. Kokani."

Winnie anakoka. Mfuu imene inatuluka m'chipindamo inaulutsa nkhunda zonse padenga, mlonda wa pageti n'kubwera chothamanga chibonga chili m'manja. Zitatha, Che Sidiki anapukuta misozi n'kuloza mnzawo.

"Paston, mwamuna wamkulu ngati iwe kukuwa chonchi? Wandichititsa manyazi."

Winnie anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira tsikulo sanachitenso mantha pantchito.

Che Sidiki atabwera kudzachotsa chikhakhacho, chinali chitadzaza zizindikiro za zipani. Aliyense wokumana nawo pamsewu ankajambulapo cha chipani chake, ena pamwamba pa cha anzawo.

"Nanga izi?" anadabwa Winnie.

"Mkono uno ndi wa matipate, adokotala. Aliyense ali ndi ufulu."

Zakunja zinali zochepa. Zoopsa zinkapezeka m'kati. Chikhakha chimayabwa, ndipo Che Sidiki ankakanda ndi chilichonse chimene chili pafupi. Pa zaka zotsatira Winnie anatulutsamo sipoko ya njinga, chipeso cha a Paston, masupuni a mayi Aminatu akazi awo, ndiponso kiyi wa lole amene a Essop anamufunafuna mpaka kukasinthitsa loko.

"Ndinakuuzani kuti musamalowetsemo zinthu! Mudzadzicheka, bala n'kuwolera m'kati."

"Ine sindilowetsa. Zimangogweramo."

Chaka china anathyoka mkono wamanzere kutatsala pang'ono masewero ndi madala a kumafakitale a ku Makata, adani awo a kalekale. Winnie anawalumbiritsa kuti sayandikira pagolo. Lolemba m'mawa anatulukira, chikhakha chitang'ambika pakati ngati chinangwa chophika.

"Ndagwa pabedi," anatero asanafunsidwe.

Winnie anachitembenuza. Panali chidindo cha matope, chozungulira bwinobwino, mizere ya mpira ikuoneka yonse.

"Bedi lanu ndi lozungulira?"

"La ku Joni. Simungalidziwe."

A Paston, amene anawaperekeza, analephera kudzigwira. Anafotokoza kuti inali penate ya kumapeto, Che Sidiki anakankha goloboyi wobwereka n'kuima okha, mpira n'kumenya chikhakha kuti phwaa, n'kubwerera mpaka pakati pa bwalo. A ku Makata anazungulira woyimbira mpira akudandaula kuti munthu sangasewere ali ndi chida. Mkangano wake sunathe mpaka lero. Mukafuna kuuyambitsa, ingokwerani minibasi ya ku Makata n'kutchula dzina la Sidiki.

Amene sankaseka ndi mayi Aminatu. Anayesa kubisa nsapato za mpira m'thumba la makala, amuna awo anakasewera ndi patapata. Anayesa kuitana alendo Lamlungu lililonse, alendowo n'kutengedwa kukaonerera mpira. Tsiku lina anabwera okha kwa Winnie, atafunda mpango wawo bwinobwino, n'kutseka chitseko.

"Mwana wanga, ndabwera kudzapempha. Akadzabweranso, muwamate miyendo yonse iwiri. Kuyambira kuphazi mpaka m'chiuno."

"Amayi, nanga ngati sinathyoke?"

"Idzathyokabe. Mukungofulumizako."

Winnie anaseka, koma mayiwo sanaseke. Anayang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, "Lamlungu lililonse ndikamva galimoto yaima panja, mtima umandichoka. Ndimati lero ndi khosi."

Zaka zinapita. Winnie anakwatiwa, anabereka, tsitsi linayamba kuyera m'mbali, achinyamata a pantchito n'kumamutchula kuti amayi. Che Sidiki anapuma kwa a Essop, koma pagolo sanapume. Kenako anayamba kutsimphina popanda chothyoka. Winnie anawatumiza kukajambulitsa, ndipo chithunzi chitabwera anakhala nacho kanthawi asanawaitane. Polumikizira fupa la ntchafu ndi chiuno panali pataperepeseka, mafupa akungokhulana okhaokha, ndipo fupalo linali litayamba kufooka.

"Bambo Sidiki, lero sindikuseka," anatero. "Mukadzagwera mbali iyi, si za chikhakhanso ayi. Mudzagona pabedi, mwina osadzayendanso. Mpira watha."

Che Sidiki anatenga chithunzicho n'kuchiunika pawindo.

"Ndiye ine ameneyu?"

"Ndinuyo."

"Kunjaku ndimaonekako bwino."

Anadikira kuti Winnie aseke. Ataona kuti sakuseka, anachiika patebulo pang'onopang'ono n'kuyamba kusisita chipewa chawo pabondo.

"Nanga Lamlungu ndizikhala ndani, adokotala?"

Winnie anatenga chithunzicho n'kuchiika m'kabati. Anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu, anawaphunzitsa kayendedwe ka ndodo, n'kuwaperekeza mpaka pageti, chinthu chimene anali asanachitirepo wodwala wina aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti Che Sidiki anamvera. Pagolo anaimapo a Waziri, munthu wodekha amene ankati mpira ukadutsa patali ankangouperekeza ndi maso. Che Sidiki ankakhala pampando kuseri kwa golo, ndodo ili pambali, akuwalalatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma thupi silinamve nawo zimene anauzidwa kuchipatala. Mpira ukapita kumanja, iwo ankapendekera kumanja. Tsiku lina unapita kumanja kwambiri, mpando n'kuwakana.

Analowa kwa Winnie nkhope ili ngwee, atakweza kachala kakang'ono kotupa ngati soseji.

"Sindinasewere, adokotala, ndikulumbira. Ndinangothandiza ndi mtima."

Winnie anayamba wawapima chiuno, n'kupeza kuti chapulumuka. Kachalako kanangofunika kukamangirira ku chala chinzake basi. Koma atawayang'ana mmene ankadikirira ngati mwana pa tsiku la Idi, anatenga bandeji n'kukulunga dzanja lonse mpaka pachigongono, loyera mbee, loonekera patali. Che Sidiki anatuluka atalinyamula m'mwamba, akupatsa moni aliyense. Kumeneko kunali kuvulala kwawo komaliza.

Kuchipatala sanasiye kubwera. Tsiku la odwala mafupa ankafika m'mawa, opanda chowawa, n'kukhala pabenchi la pakhonde pakati pa anthu a ndodo ndi zikhakha. Ankasankha amene nkhope yagwa kwambiri, kaya ndi wakabaza wogundidwa, kaya mayi woterereka pamjigo, kaya mtsikana wa netibo wobinya bondo, n'kusendera pafupi.

"Ndi kangati?"

"Koyamba, agogo."

"Koyamba? Ndiye mukulira chiyani? Ine fupa limenelo ndinalithyola mpaka linayamba kudzilumikiza lokha likangomva dzina la adokotala awa."

Mabodza awo ankakula chaka ndi chaka. Ankati anagwirapo mpira ndi mano. Ankati chithunzi cha mafupa awo azungu anachipempha kuti azikaphunzitsira ana a sukulu. Winnie ankamva zonsezi chitseko chili chotseka, ndipo ankadziwa kuti wodwala wolowa akupukuta misozi ya kuseka savuta kumugwira. Oopa macheka odulira chikhakha, Che Sidiki ankalowa nawo n'kuwagwira phewa, iwo eni atatsinzina kuposa wodwalayo.

Anamwalira Lachisanu lina masana, atabwera kumzikiti. Anadya, anati akagone pang'ono, osadzukanso. Munthu amene Naperi yonse inkati adzafera pamtengo wa golo anapita ali pamphasa yake, thupi lonse lili bwinobwino.

Anawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa mwambo wawo. Winnie anamva mochedwa, ndipo pamene ankafika amuna anali akubwerera kumanda. Anapeza a Paston atakhala pamwala kunja kwa mpanda, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Munthu uja tamunyamula kambirimbiri, mayi Winnie," anatero. "Nthawi zonse ankatilamula. Paston tsitsa kumutu, Waziri ukundigwedeza, khotani bwino pakona. Lero njira yonse ndimangodikira kuti atikalipire."

Winnie anakhala nawo pamwalapo mpaka mayi wina anadzamuitana kuti alowe kwa azimayi.

Timu ya madala ikadalipo. Amasewera mwaulemu, amagonja mwaulemu, ndipo papita nthawi yaitali osavulala munthu. Oonerera anachepa. A Paston amati akamameta munthu n'kuyamba nkhani ya penate ya ku Makata, amafika pakati n'kupeza kuti palibe wowatsutsa, nkhaniyo n'kuzizira yokha. Pakhonde la chipatala anthu amakhala phee, aliyense akuyang'ana foni yake kapena bala lake. Nthawi zina Winnie amatsegula chitseko popanda chifukwa, n'kuyang'ana benchi kuchokera uku mpaka uko, n'kutsekanso. Anayesapo kunena nthabwala kwa wodwala wina wamantha. Wodwalayo anangoti, "Chabwino, adokotala."

Mvula yoyamba ya chaka chotsatira itagwa, dzina lina pamndandanda wa odwala linamuimitsa Winnie. Analowa mayi Aminatu, atachepa thupi, dzanja lamanja atalikoleka pampango. Anaterereka pakhonde pochotsa zovala pachingwe.

"Zaka zonsezi ndimaperekeza," anatero akukhala. "Lero ndabwera ndekha."

Fupa la pamwamba pa dzanja linali litathyoka, koma mosavuta. Winnie analiwongola, mayiwo anangoluma mlomo osatulutsa mawu. Kenako anakulunga thonje, ananyika mabandeji a chikhakha m'beseni n'kuyamba kumata, akusalaza ndi zikhatho. Kunja mvula inkawaza pamalata.

Patapita kanthawi mayi Aminatu anadzidzimuka n'kuyang'ana dzanja lawo.

"Chikutentha."

"Chimatero chikamauma, amayi. Musaope, chizizira posachedwa."

"Ankandiuza," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Ankati chikamauma chimafunda ngati munthu wakugwira dzanja. Ine ndinkati ndi mabodza awo aja."

Winnie anapukuta manja ake. Ntchito inali itatha, ndipo panja anthu ankadikira. Anayamba kusonkhanitsa zida zake.

"Mwana wanga," anatero mayi Aminatu osakweza maso, dzanja lina atalisanjika pachikhakhapo. "Musandithamangitse. Ndikhale kaye mpaka chizizire."

Winnie anasiya beseni pansi, anakoka mpando n'kukhala pambali pawo.